Mchenja Umene Sunkabala

Ndinali ndi zaka khumi pamene amalume anga, a Sakala, anabwera ndi sowo kugombe la mtsinje wa Lupande. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mvula itakanika, ndipo aliyense ankasaka chogulitsa ku maloji a ku Mfuwe.

Kuseri kwa dimba la amayi kunali michenja iwiri. Wina unkabala zipatso zazikulu, zotsekemera kuposa za mchenja uliwonse umene ndinalawapo. Tinkalimbirana ndi anyani, ndipo m'mawa tinkapeza mapazi a njovu pansi pake. Anthu ankautcha Shuga. Winawo unali wautali, wowongoka, koma sunkabala kanthu. Unkangochita timaluwa toyera tonunkhira, njuchi n'kumaswera m'menemo.

"Mwaswera bwanji, alongo?" anatero amalume kwa amayi, maso ali pamtengo wautaliwo. "Kuloji akufuna matebulo. Matabwa ake ndi awa."

"Usiyeni, achimwene. Iwiriyi inakulira limodzi."

"Inakwatirana kutchalitchi kodi?" Amalume anaseka. "Shuga sindimukhudza. Koma uyu ndi chumba. Chosabala n'cha ntchito yanji?"

Ine ndinathamanga n'kukakumbatira tsinde. Sindinkadziwa chimene ndinkateteza. Ndinkangodziwa kuti ndi mtengo umene ndinaphunzirirapo kukwera.

"Choka, mphwanga, ungasanduke mwendo wa tebulo!"

Nditakana, anathyola kanthambi ka mtengo womwewo n'kundikwapula nako m'miyendo, akuti ndiphunzire kumvera akulu. Ndinamvera. Ndinakhala pachulu n'kumaonerera sowo likudya. Ndikukumbukira fungo la utuchi, ndi mtima wakuda wa mtengowo utaonekera poyera. Utagwa, njuchi zinazungulira pamalopo mpaka dzuwa kupendeka, ngati anthu amene apeza nyumba yawo itasamuka.

Chaka chotsatira Shuga anachita maluwa monga mwa masiku onse, koma ambiri anayoyoka. Zipatso zinali zowerengeka. Amayi anafesa njere zake m'zitini, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale. Palibe inamera. Anayesanso chaka china, chimodzimodzi. Amalume anati mtengo wakalamba. Kenaka Lupande anasefukira, anadya gombe, Shuga n'kugwera m'madzi. Kutsekemera kuja sikunapezekenso kwina kulikonse m'chigwa chathu.

Chifukwa chake ndinakachimva kukoleji ya zankhalango. Mphunzitsi ankafotokoza za mitengo yosowa imene imamera m'madzi amchere m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu. Anati mitengo ikatsala yochepa, kudula umodzi n'kupha mtundu, pakuti uliwonse umasunga chibadwa chake chimene sichingabwerekedwe kwina. Kenaka anapereka chitsanzo chapafupi: mchenja uli ndi waukazi ndi waumuna. Waumuna subala. Umapereka mungu umene tizilombo timanyamula kupita nawo kwa mnzake, ndipo popanda munguwo njere sizikhala ndi moyo.

Anzanga ankalemba. Ine ndinaika cholembera pansi. Ndinapsa mtima ngati chikwapu chija chandigwera tsiku lomwelo. Mtundu wonse wa Shuga unathera pa matebulo a kuloji, pansi pa mabotolo a alendo, chifukwa munthu mmodzi anayang'ana m'nthambi, sanaone chodya, n'kugamula mlandu. Amayi anawachenjeza, iwo anayankha ndi nthabwala.

Mkazi wanga Esinati anamwalira chaka chatha. Sitinakhale ndi mwana. Titachokera kumanda, amalume omwe aja, tsopano akuyenda ndi ndodo, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Limba mtima, mphwanga, ukadali mnyamata," anatero motsitsa mawu. "Ujatu sanakusiyire kanthu. Tikupezera wobala."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinawakweza minibasi, ndinawafunira ulendo wabwino. Ndinaleredwa kuti ndizimvera akulu, ndipo zipsera zake ndili nazo.

Koma pano ndilemba zimene sindinanene pamsewu paja. Pali anthu amene amangowerenga zipatso, ndipo chilichonse chimene sichiwagwetsera kanthu m'manja amachiyesa matabwa. Safunsa kuti mnzake wobalayo mphamvu amazitenga kuti. Ine ndimadzuka, ndimavala, ndimapita kuntchito kukafesa mbewu za mitengo, ndipo ondiona amati ndachira. Shuganso ankaoneka wobiriwira zaka zonse zija. Ndi amayi okha, ndi zitini zawo, amene ankadziwa kuti mkati mwa njere mulibe kanthu.