Ndinawauza Kuti M'mapirimo Muli Madzi

Kho, kho, kho. Umu ndi mmene botolo la pulasitiki lopanda kanthu linkagundira pachitsulo cha njinga yanga, ndipo mpaka lero ndikakhala ndekha ndimalimvabe. Inu owerenga, ine ndi amene ndinauza anzanga kuti asanyamule madzi ambiri pa ulendo wa m'mapiri, ndipo pali munthu amene akuvutika lero chifukwa cha mawu angawo.

Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi ambuya anga kuno ku Kafue. Lamulo lawo linali limodzi, loti mwana wamasiye asamatopetse anthu ndi pakamwa. Ndinakula ndikuona zambiri koma osanena kanthu. Sukulu ikatsekera mu Epulo ankanditumiza kwa mng'ono wawo kumapiri a kum'mawa kwa tauni, ndipo njira za kumeneko ndinaziyenda wapansi ndili mwana.

Nditayamba ntchito kufakitale ndinadziwana ndi Ba Chanda, amene ankayang'anira gulu lathu. Ankanditchula kuti mwaiche, ngati mng'ono wawo weniweni. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, mkazi wawo, amake Mutale, ankandiikira nshima pamodzi ndi ana awo ku Kafue Estates. Kuyambira pamene ambuya anamwalira, nyumba imeneyo ndi yokhayo imene ndinkalowa osaodira. Ndi Ba Chanda omwewo amene anandiphunzitsa kupalasa njinga za m'mapiri, zija za magiya ambiri ndi matayala onenepa.

Chaka chatha anaganiza zoti tipalase masiku atatu m'mapiri, osakhudza msewu wa tala, ife anthu anayi. Tinasankha mwezi wa Okutobala chifukwa ndi pamene tonse tinapeza tchuthi. Tinkakumana pakhonde pawo n'kumakonza za machubu, pampu, tcheni chapadera, chakudya ndi pogona. Njirayo anaipereka kwa ine. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti anthu akuluakulu akhale chete n'kumandimvetsera, ndipo zinandikomera kwambiri.

Vuto linali kulemera kwa katundu. Ba Chanda anandifunsa kuti, “Mwaiche, manzi yaliko kuja, olo tinyamule vigubu?” Ine ndinayankha kuti madzi aliko, zigubu n'zosafunika. Ndinatchula mitsinje iwiri imene ndinkasambamo ndili mwana, n'kunena kuti mabotolo awiri aliyense akwana. Sindinawauze kuti mitsinjeyo ndinkaiona mu Epulo mokha, mvula itangotha kumene.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kutatsala sabata imodzi ndinaona anthu ootcha makala amene amatsika m'mapirimo ndi matumba panjinga. Atagulitsa makalawo cha ku Shimabala, ankabwerera kumtunda atamangirira zigubu zachikasu zodzaza madzi. Ndinaima n'kuwayang'ana, ndipo ndinamvetsa tanthauzo lake. Munthu sakankha madzi kukwera nawo phiri ngati kwawoko mtsinje ukuyenda. Ndikanangowafunsa funso limodzi. Koma ndinachita manyazi kubwerera pakhonde paja n'kukanena kuti ndinalakwitsa, ndiye ndinadziuza kuti mwina padziwe lina patsala madzi.

Tsiku loyamba mtsinje woyamba tinaupeza uli mchenga wokhawokha. Tinagawana timadzi totsala, ine n'kuwalimbitsa mtima kuti wachiwiriwo suphwa. Mawa lake tinakwera chitunda cha miyala tikukankha njinga, dzuwa likuwotcha mpaka chishalo osagwirika. Wachiwirinso unali wouma. Tinakumba mumchenga ndi manja, osapeza ngakhale chinyezi.

Ba Chanda anali atapatsa mnzathu wina madzi awo omaliza. Cha kumasana ndinaona kuti asiya kutuluka thukuta ndipo akulankhula zosagwirizana, akuitana ana awo ngati ali pafupi. Kenako anagwa. Foni sinkagwira. Amene anatipulumutsa anali ootcha makala omwewo. Anatipatsa madzi a m'zigubu zawo, n'kunyamula Ba Chanda pangolo ya ng'ombe mpaka pamsewu.

Moyo unatsala, koma impso zinawonongeka. Tsopano amapita ku Lusaka kawiri pa sabata kukatsukidwa magazi ndi makina, ndipo ntchito anasiya. Ali m'chipatala ndinawauza zonse, za Epulo ndi za zigubu zija, amake Mutale ali pomwepo. Ba Chanda sanandikalipire. Anangotembenukira kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso pakhomo pawo, ndipo kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo n'kutuluka pemphero lomaliza lisanathe.

Inu amene mukukonza ulendo wotere, musadalire zimene munaona kale pa nyengo ina. Funsani anthu amene akuyenda njirayo mwezi womwewo, ngakhale akhale akuda ndi makala. Madzi amalemera, koma nyamulani. Ndipo anzanu akakukhulupirirani, ngati mwakayika nenani msanga. Manyazi amene ndinkawathawa akanatha madzulo amodzi. Awa ndili nawowa sindikudziwa ngati adzatha, ndipo ndatopa nawo.

Loweruka lapitali m'mawa ndikuchapa panja, ndinaona amake Mutale ataima pageti. Anali ataonda. Ndinawapatsa mpando koma anakana.

“Ba mulamu, ine nalema,” anatero. “Bana, nchito, Lusaka, vonse neka. Pa Mande nizayenda nabo ine. Pa Chinayi ni imwe.”

Ndinamva kuti atopa kuchita zonse okha, ndipo akufuna kuti Lachinayi ndiziperekeza amuna awo kuchipatala. Ndinafunsa ngati Ba Chanda angalole kukhala nane pampando umodzi m'basi.

“Ndibo banituma. Bakuti mwaiche abwere m'mawa, asachedwe.”

Anatulutsa khadi la kuchipatala m'chikwama, n'kuliika m'manja mwanga muli thovu la sopo, ndipo anatembenuka n'kumapita.