Bafuta wa Agogo

Ndikukumbukira chaka chimene dzombe linadutsa kwathu ku Kabudula, ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Ndinali mwana wapakamwa, wosadikira kufunsidwa kawiri.

Agogo anga aamuna, a Mbewe, anali atachotsedwa m'buku la msonkho chifukwa cha ukalamba. Komabe ankalima kamunda ka fodya, ndipo timasheleni timene ankapeza ankatikwirira m'nsupa pansi pa nkhokwe. Ankati ndi togulira bafuta wodzawakulungira akamwalira, poti sankafuna kukalowa m'manda ndi mphasa yokha.

Tsiku lina kunabwera mlembi wa boma ndi mesenjala wake kudzafufuza ngati okhululukidwa msonkho analidi okalamba. Nkhalamba zinandanda pansi pa mkuyu, mlembi n'kumaziyang'ana mano ngati akugula mbuzi. Agogo anatulukira ndi ndodo, atawerama, akutsokomola. Ine chiseko chinandigwira, chifukwa m'mawa womwewo anali atasenza mitengo ya chigafa cha fodya.

Mlembi anandiona. "Iwe mtsikana, kodi fodya wokongola uyu amalima ndani?"

"Agogo okha," ndinayankha monyada. "Pa khasu ngakhale anyamata sawapeza. Ndodoyo angoitenga lero."

Mlembi anamwetulira n'kutsegula buku. "Ndiye mphamvu zilipo, eti akulu?" Anawalembanso dzina, n'kulamula kuti alipire ndi msonkho wa chaka chatha womwe, apo ayi akagwire ntchito ya msewu.

Dzuwa litapendeka ndinawaona agogo atagwada kunkhokwe akufukula nsupa ija. Mayi anali atathyola kale mkwapulo, koma agogo anawaletsa.

"Musiyeni mwana, wanditama," anatero akusasa dothi. "Koma iwe Nabanda, waboma akafunsa za mphamvu za munthu, sikuti akufuna kumuyamikira ayi."

Ndikanakonda akanandikwapula. Agogo anamwalira dzinja lotsatira, nsupa ili mbee, ndipo tinawaika m'mphasa.

Kwa zaka zambiri ndinkadzida kwambiri. Tsopano ndakalamba, ndikuona kuti ine sindinaname, agogonso sanabe kanthu ka munthu. Choipa chinali buku lija, limene linkakakamiza nkhalamba kubisa mphamvu zake kuti isunge kansalu ka m'manda. Komabe mtima sumva zimenezo. Nditayamba kugulitsa mtedza wanga ku Nsaru, ndinagula abafuta awiri. Mmodzi ndi wanga. Winayo akadali m'bokosi, mwini wake sanamudikire.