Ulendo wa Bambo Wopita ku Fakitale

Mvula ikakata m'mawa, komboni yathu ya pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge ku Zimbabwe inkanunkhira dothi lofiira lonyowa ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Mphepo ikachokera kumtunda, inkabweretsanso fungo la tiyi wochokera m'ng'anjo za ku fakitale. Dzinja limene linayamba kumapeto kwa 2008 linandipeza ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sukulu inali yotseka chifukwa aphunzitsi ambiri anali atachoka, choncho ndinkakhala pakhomo tsiku lonse.

Bambo anga, aPhiri, anadwala sitiroko mvula itangoyamba. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, ndipo mawu ankatuluka molemera. Kuchipatala anatibweza ndi malangizo okha, popeza mankhwala kunalibe. Kwa zaka zambiri Bambo ankagwira ntchito m'chipinda chimene masamba operapera amayalidwa kuti afiire asanalowe m'ng'anjo. Tsopano a ku ofesi anatumiza uthenga wakuti ngati sabwerera ku ntchito pofika Pasaka, tituluke m'nyumba, pakuti inali ya esiteti. Agogo anachokera ku Mulanje kalekale, koma ife tinalibe mudzi wopitako, kaya ku Malawi kaya ku Zimbabwe.

Amayi anachita zimene chikondi chinawauza. Anawayalira Bambo mphasa pakhonde, n'kumawamwetsa phala ndi sipuni, kuwasambitsa, ngakhale kuwayankhira alendo akawafunsa mmene adzukira. Zotsatira zake zinali zakuti pofika Khirisimasi Bambo anali atasiya kuyesa chilichonse. Ankangoyang'ana mizere ya tiyi imene inkakwera phiri mpaka kulowa mu nkhungu.

Pa nthawi imeneyo kunayamba kubwera Mai Mhlanga, mayi wa Chindau amene ankayendera odwala m'dzina la mpingo. M'chikwama mwawo munkakhala chidutswa cha sopo ndi kansalu basi. Masiku oyamba sanachite chooneka. Ankakhala pa mpando wa ndalema n'kumafunsa Bambo mafunso m'Chinyanja chosakaniza ndi Chindau, kenako n'kudikira yankho mpaka litabwera. Tsiku lina mphepo itatsika kuchokera kumtunda, Bambo anakweza mutu n'kunena kuti, "Tiyi apsereza."

Mai Mhlanga anafunsa kuti adziwa bwanji. Bambo analankhula nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse chidwalireni. Anafotokoza kuti anzawo odziwa ntchito anali atawolokera ku Mozambique ndi ku Joni, ndipo anyamata atsopano ankangotsatira wotchi ya pakhoma. Komatu magetsi akazima n'kuyakanso, kapena tsiku likatentha, tsamba silitsatira wotchi. Limadziwika ndi mphuno.

"Nanga mukuuza ine, Sekuru? Ine tiyi ndimangodziwa kumwa," anatero Mai Mhlanga, amene ankawatchula Bambo kuti Sekuru, kutanthauza agogo m'Chindau. "Kawauzeni eni ake."

"Ndi mwendo uti?" anafunsa Bambo.

"Womwewo. Unzakewo uziuphunzitsa."

Kuyambira tsikulo zinthu zinasintha pakhomo. Mai Mhlanga analetsa Amayi kuwagwirira Bambo sipuni, ndipo phala linkatayikira pa malaya. Anadula ndodo ya nsungwi, n'kugawa njira yopita ku fakitale m'zigawo: choyamba mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, kenako mpope wa madzi, kenako tchalitchi, kenako kamlatho, pomaliza chipata. Sankanena kuti akuchita masewera olimbitsa thupi. Ankangoti, "Lero tiyi wanu tamuyandikira pang'ono." Ine ndinkayenda kumbuyo, ndikumva mwendo wa Bambo ukukhwekhwereza m'matope.

Mu Febuluwale Bambo anaterereka pafupi ndi mpope, amayi otunga madzi akuona. Anasupuka bondo, koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali manyazi. Anabwerera pa mphasa ndipo anakana kudzuka masiku atatu. Amayi anakumana ndi Mai Mhlanga pakhomo n'kuwauza kuti, "Amai, munthuyu ndi wodwala. Mukufuna afere pamsewu?" Mai Mhlanga sanakangane nawo, ndiponso sanawanyengerere Bambo. Mawa lake anabwera ndi tiyi wodzaza dzanja, wokulungidwa m'pepala, amene anapempha kwa mlonda wa pachipata. Anamuika m'dzanja lamanzere la Bambo. Bambo anamununkhiza, anatafuna pang'ono, n'kulavula. "Uyu akugulitsa kwa anthu?" anatero. Kenako anandituma ndodo yawo.

Anafika pachipata kutatsala milungu iwiri kuti Pasaka ikwane. Ulendo umene munthu wabwinobwino ankauyenda madzi asanawire pamoto unawatengera m'mawa wonse. Kapitawo, aSimango, amene makolo awo anachokera ku Mozambique, anawalowetsa mwaulemu koma mokayika. Ine ndinaima pakhomo la chipindacho, mmene munali chinyontho ndi fungo longa la zipatso zakupsa. Bambo anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa masamba oyalidwa, akutapa ndi dzanja lamanzere n'kununkhiza. Pa mzere wachitatu anaima n'kunena kuti, "Awa chotsani tsopano." ASimango anayang'ana wotchi, imene inkasonyeza kuti nthawi sinakwane. Anayang'ananso Bambo, kenako anakodola anyamata kuti anyamule.

Tiyi wa tsikulo anatuluka bwino, ndipo mlungu womwewo Bambo anapatsidwa mpando pakona ya chipindacho. Za kutuluka m'nyumba sizinatchulidwenso. Dzanja lamanja silinachire mpaka imfa yawo, koma mwendo unalimba chifukwa cha ulendo wa tsiku ndi tsiku, ndipo mawu anamasuka chifukwa chokalipira anyamata.

Pa nthawiyo ine Mai Mhlanga sindinkawakonda. Ndinkawaona ngati munthu wouma mtima amene analibe mankhwala, n'kumavutitsa wodwala kuti abise kusowa kwakeko. Ndinkakhulupirira kuti Bambo anadzuka chifukwa cha mkwiyo basi. Nditakula n'kuphunzira ntchito yothandiza odwala kuyambanso kuyenda, ndinazindikira dongosolo lawo. Tonse pakhomo tinkayang'ana mbali imene inafa, pomwe iwo anakhala masiku angapo akufufuza chimene chinatsala chamoyo, ndipo atachipeza anamangirirapo zina zonse. Anasamuka pa esiteti chaka chotsatira, ine ndisanafike pa msinkhu wodziwa kuti ndinayenera kuwathokoza.