Kodi a Makwinja ayambe amwalira?

Lachiwiri pa Warwick Junction, ku Durban kuno, mayi wina anandigwira mkono ndikuti ndikwere takisi. Anandipatsa moni m'Chizulu, mokweza kuti anthu amve, kenako n'kunong'ona m'Chichewa: "Achimwene, tapatukani pang'ono. Kunyumba kwavuta."

Ndiwatchule kuti Mayi Makwinja, a kwathu ku Mulanje. Amuna awo ankasoka pa fakitale ya zovala ku Springfield mpaka tsiku limene anakapeza geti lili ndi loko. Chichokereni kumeneko ayenda paliponse, ntchito osaipeza. Mwini kachipinda kawo ku Cato Manor wanenetsa kuti mwezi ukangotha, katundu ndi ana omwe panja.

"Koma chandiopsa si chimenecho," anatero. "Dzulo bambo anandifunsa ngati bungwe lathu la maliro limathandiza banja munthu akafa imfa ina iliyonse. Anafunsa maso ali pansi. Eish, achimwene, masiku ano amangokaima pa mlatho wa Umgeni."

Kunena zoona, ndinachita mantha. Takisi ija inandisiya.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawaperekeza mayiwo kumsonkhano wa bungwelo. Inu a kuno mukulidziwa. Mnzathu akatisiya timasonkha osanyinyirika: bokosi lowala, galimoto yodutsa malire onse mpaka kukafika kumudzi, nsalu ya namfedwa. Pa zimenezi Amalawife ndife akatswiri.

Mayiwo anagwada n'kufotokoza zonse, kupatula za mlatho. A tcheyamani, bambo aulemu wawo ogwira ntchito m'dimba la azungu, anakhosomola kaye.

"Pepani mayi, thumba limeneli ndi la maliro. Tikalitsegulira aulova, mawa Durban yense ali pakhomo pano."

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono.

"Ndiye mukuti ndibwere nawo ali m'bokosi?"

Wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale.

A tcheyamani sindikuwada ayi. Mafakitale akutsekedwadi, ndipo palibe amene akudziwa ngati mawa geti lake litseguke. Koma tiyankhane, abale. N'chifukwa chiyani manja athu amafewa munthu akazizira? Si chifukwa choti bokosi anthu akumudzi amaliona, n'kumatama kuti ana a ku Joni amagwirizana? Thumba la ufa lopita ku Cato Manor palibe amene amaliimbira nyimbo.

Ndipo taonani zimene taphunzitsa bambo uja osadziwa. Wakhala pansi, waganiza, n'kupeza kuti ana ake angathandizidwe msanga iye atafa kusiyana ndi ali moyo. Maganizo amenewo sanawatole m'msewu. Wawatenga m'malamulo athu omwe.

Potuluka, amayi ena anawapanikizira Mayi Makwinja kashuga ndi sopo m'chikwama mobisa, ngati akuba. Zikomo kwambiri. Koma sopo saletsa mwininyumba, ndipo thumba lija likadali lomanga, kudikira mtembo.

Mwezi ukutha Lachisanu. Mukamadutsa pa mlatho wa Umgeni m'mawa, mwina muona bambo wa jekete lotuwa atatsamira chitsulo. Tsikani. Muwapatse moni m'Chichewa, mokweza, amve amene angamve, ndipo mubwerere nawo.

Kapena mukudikira uthenga woti tisonkhe?