Mbale za Kubwinja la kwa Namwiri

Alamu anga a Sidónio sakonda midzi yokhala ndi anthu. Amati ili ndi phokoso, komanso chilichonse chimene ungachione pansi chili ndi mwini wake. Iwo mtima wawo uli ku mabwinja, midzi ija anthu anaithawa nthawi ya nkhondo osadzabwereranso. Kuno ku Majaua ilipo yambiri. Titachoka m'makampu a ku Malawi mtendere utabwera, ambirife tinamanga kumsewu, kufupi ndi mjigo ndi sukulu, ndipo midzi yakale tinaisiyira anyani.

Ndi munthu wamfupi, wouma pakamwa, wa njinga yomwe sindinaionepo ili ndi mabuleki. Anakwatira mlongo wanga Gilda tili kukampu, pa zifukwa zimene akuzidziwa ndi Gilda yemweyo. Kulima amalima, koma ngati akulimvera chisoni khasulo. Ntchito yawo yeniyeni ndi kutola zitsulo zakale, zimene kuno timati sukata, n'kukagulitsa kwa anyamata a sikelo ku Milange.

Bwinja amalipeza ndi mango. Akaona mitengo ya mango itaunjikana pakati pa tchire amatsika njinga, chifukwa mango samera okha mozungulira bwalo. Pansi pake amapeza mafuwa, makasu akutha, loko wopanda chitseko, theka la makina osokera. Tsiku lina anabwera ndi chitseko cha thirakitala atachisenza pamutu, njinga akuikankha ndi dzanja limodzi. Gilda anangochiyang'ana, n'kutsekera nacho khola la mbuzi.

Manda okha sayandikira. Akaona msitu wa manda amavula chipewa n'kulambalala patali. Ngakhale mwana amadziwa kuti mbale kapena kapu yoikidwa pamtumbira ndi ya wogonayo, ndipo anthu amaiboola dala kuti wina asaikhumbire. Pa zimenezi alamu anga sachita zachibwana, nane ndimawachitira umboni.

Chilimwe chatha, moto utamaliza udzu, kunabwera mayi wina wokalamba dzina lawo a Belmira. Anathawa nafe nkhondo, koma iwo anakwatiwa ku Muloza n'kukhaliratu tsidya lija. Anali atadwala nthawi yaitali, ndipo achipatala anawauza kuti azikapuma kunyumba. Tonse timadziwa tanthauzo la kupuma kumeneko, eni akenso ankalidziwa. Ana awo anali atakonza kale zodzawaika ku Muloza, pakati pa abale a amuna awo. Koma a Belmira ankafuna kudzagona pafupi ndi amayi awo kwa Namwiri, mudzi umene munthu sanagonemo chithawireni. Anawo anati sangakakumbe m'tchire mwachisawawa. Ngati mandawo alipo, wina akawaone n'kudzachitira umboni, apo ayi nkhani yatha.

"Akuti inu ndi amene mumadziwa midzi yakufa," anatero a Belmira atakhala pamphasa.

"Kwa Namwiri ndikudziwako, amayi," anayankha a Sidónio. "Kuli mango abwino."

Ine ndili ndi njinga yamoto, ndiye ntchito yonyamula mayiyo inandigwera. Anali opepuka moti ndinkatembenuka pafupipafupi kuona ngati akadalipo. A Sidónio anatsogola pa njinga yawo, akuimitsa ndi chidendene m'mitsetse. Msewu unatha, kanjira kanatha, tinasiya njinga zonse pansi pa mkuyu n'kuyenda pang'onopang'ono pa lupsa.

Kwa Namwiri kunali zii. Kachalichi kanali chiimire koma kopanda denga, mtengo utamera pamene ankaima katekisita. Khoma la sukulu linali ndi zibowo za zipolopolo, ndipo pansi pa zibowozo zilembo zinkaonekabe. A Belmira anayenda pakati pa milu ya dothi akutchula eni ake, ngati akupereka moni.

"Apa panali pa a Julião, ankatcheza kachasu. Apa pa a Antónia a mkamwa. Ichi chinali chitsime, madzi ake oipa." Anaima pa mulu wina waung'ono. "Apa ndinabadwira ine. Ndinkayesa inali nyumba yaikulu."

Alamu anga anayamba kulowera kumtsinje, kumene kunkaoneka msitu wa manda tsidya lina. Anali atavula kale chipewa.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kumanda, amayi."

"Iyayi, amayi anga sali uko. Chaka chomaliza chija njira ya kumanda anaitchera mabomba. Aliyense womwalira tinkamuika kuseri kwa kapela, kachalichi aka, m'munda wa chinangwa, mothamanga. Mitumbira sitinkakweza, nthawi panalibe. Tinkangoikapo mbale kuti tidzapazindikire. Ya amayi ndi yoyera, ya maluwa ofiira m'mphepete. Ndinaiboola ndekha ndi msomali."

A Sidónio anaima. Chipewa anachivala, n'kuchivulanso.

Tinazungulira kachalichiko. Kuseri kwake kunali malo athyathyathya, aakulu ngati bwalo la mpira wa ana, akuda ndi phulusa la lupsa. Panalibe mbale, panalibe kapu, panalibe ngakhale supuni. Ndikuwadziwa alamu anga, malo akawadutsa sasiya kanthu. Apo ndinakumbukira chaka chimene anabwera ndi thumba lodzaza mbale akumwetulira, chinthu chosachitikachitika, n'kutiuza kuti apeza khitchini ya mpingo.

"Kunyado," ndinawanong'oneza alamu angawo, "lozani paliponse. Nenani kuti mbaleyo munaiona apa."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anapita pamaso pa mayiwo n'kugwada pa phulusapo.

"Amayi, mbalezo ndinatola ndi ine. Kalekale. Ndinkayesa ndi pamene azimayi ankaphikira pa zikondwerero za mpingo."

"Zibowo simunazione?"

"Ndinaziona. Ndinati ndi zipolopolo. Mudzi wonsewu ndi zibowo zokhazokha."

Kunena zoona, ndinafuna kuwatchaya khofi pomwepo, koma ndinawamveranso chisoni. Munthu walambalala manda moyo wake wonse, chipewa m'manja, osadziwa kuti ena anawakolola yekha n'kuwamanga pakaliyala. A Belmira anawayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Ine ndikanakonda akanalira.

"Munagulitsa?"

"Ndinagulitsa, amayi."

"Amapanga nazo chiyani?"

"Akuti amasungunula. Amapanga misomali, mwina mawaya."

"Ndiye kuti mbale ya amayi ikugwira denga la munthu," anatero. "Pulonto, basi. Ankadana ndi zinthu zongokhala."

Anafunsa ngati akukumbukira pamene anatola ya maluwa ofiira. A Sidónio anayendayenda pamalopo, anawerama, anakanda pansi ndi chala, n'kubwerera. Anati sakukumbukira, zinali zambiri, ndipo tsikulo ankangoganiza za mmene adzakwerere nazo chitunda. Mayiwo nawonso anayesa. Anayambira pakhoma la kachalichi n'kuyenda molunjika kumene kunali mtengo wa papaya, koma papayayo anafa kalekale ndipo sanasiye chitsa. Anaima pakati pa phulusa akupuma movutikira, akutembenukira uku ndi uku.

Kenako anathyola nthambi ya mango nayamba kusesa. Anasesa pang'ono chabe mphamvu n'kuwathera. A Sidónio anawalanda nthambiyo mwaulemu n'kufunsa kuti asese pati.

"Ponseponse," anatero a Belmira. "Onsewa ndikuwadziwa."

Alamu anga anasesa. Munthu amene mzere umodzi wa chimanga amaulima akuyang'ana dzuwa anasesa munda wonsewo osaweramuka, kuyambira kukhoma mpaka kumene tchire linayambira. Nane ndinathyola nthambi yanga, poti kungoima kunkandichititsa manyazi. Mayiwo anakhala pamthunzi akutchula maina a ogona pamenepo mmodzimmodzi, ena ndi zolakwa zawo zomwe. Titamaliza tinali takuda ngati ootcha makala, ndipo pansi panali poyera, koma mitumbira sinaoneke.

A Belmira anadzuka n'kuyenda mpaka pakati penipeni pa malo osesawo. Anauza a Sidónio kuti abweretse mwala, waukulu, woti munthu sangaukweze panjinga. Alamu anga anapita kukagubuduza umodzi wa pamaziko a sukulu, thukuta lili kamukamu, mpaka anaufikitsa pamapazi awo.

"Mukawauze ana anga kuti malo mwawaona," anatero akuyang'ana ine. "Inu ndinu mboni."

"Koma amayi, manda aja sitinawapeze."

"Sindinati mukaname. Mukanene kuti mwaona pamene ndidzagone. Pokumba mudzakumbe pang'onopang'ono, mukadzakumana ndi munthu mudzapepese n'kusuntha pang'ono."

A Sidónio anali chigwadire pafupi ndi mwalawo. Anafunsa ndi mawu otsika kuti nanga zikadzapezeka kuti pakatipo ndi patali ndi amayi awo. A Belmira anawagwira paphewa kuti atsamirepo, n'kuyang'ana munda wonsewo kuchokera kukhoma mpaka kutchire.

"Ine ndayenda kuchokera ku Muloza," anatero. "Kotsalaku amayi abwera okha."