Mayi Amene Analibe Maminitsi

Ine Kingsley Chikoti ndinamangapo mlatho ndi mphindi zisanu. Simenti sindinagule, fosholo sindinagwire. Mphindi zisanu basi, ndipo lero lole yanga imadutsapo. Mukuti ndikunama, eti? Khalani pansi.

Ndayenda ine. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, kupalasa ndi mtedza kuchokera ku Kabudula, lero ndili ndi malole anayi. Zambezi ndamuwoloka pa Tete, mphepo ya padoko la Dar es Salaam yandiwomba, ku Joni ndimayenda osafunsa njira. Anthu olimba mtima ndawaona a mitundu yonse. Koma inu amene mukufuna mawu okudzutsani, sindikutengerani kutali. Ndikuuzani za mayi wina wa kwathu konkuno, kufupi ndi Nsaru, dzina lake Benedeta.

Tsiku limene nkhani yake ikuyambira, Benedeta anali m'madzi olekeza m'chiuno, akuyang'ana tomato wake akupita.

Anali mwana wa matenanti. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina. Iye anakulira pomwepo, kukwatiwa pomwepo, mwamuna n'kumwalirira pomwepo. Sukulu analekezera sitandade 4. Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Naomi, ndi kadimba ka tomato.

Pakati pa esiteti ndi msika pali kamtsinje ka Kasendeza. M'chilimwe mbuzi imakadumpha. M'dzinja kamasanduka chilombo. Mlatho wake unali mtengo umodzi wa bulugama, woterera ngati therere. Sukulu, chigayo, chipatala, zonse zili tsidya la kumsika.

M'mawa umenewo wa Januwale Benedeta anaterereka beseni lili pamutu. Thukuta la miyezi itatu linayandama iye akuona. Anatuluka m'madzimo, nakhala m'matope, n'kulira ngati mwana.

Bambo wina wa kabaza amene ankadikira kuti madzi aphwe ndiye anamuuza. "Amayi, misozi ikungowonjezera madzi. Zimenezi n'za ADC. Pitani mukanene."

Kwa inu osadziwa, ADC ndi komiti ya chitukuko ya dera. Imakumana kamodzi pamwezi. Ndi imene imasankha kuti mjigo upite kuti, mlatho umangidwe pati, kenako n'kutumiza ku khonsolo. Yathu inkakumana m'kalasi ya pulayimale, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo ali pachibwano.

Benedeta anapita. Anawoloka Kasendeza yemweyo, nafika msonkhano utayamba kale. Mlembi, a Hilario, mphunzitsi wopuma ntchito, anali atangomaliza kuwerenga za msonkhano wapita. Atcheya, a Caleb, anafunsa ngati pali zotsatira pa zimene zawerengedwazo: "Pali zotuluka?"

Benedeta anaimirira. "Ine ndabwera ndi nkhani ya Kasendeza."

A Hilario anatsitsa magalasi, natembenuza masamba a buku lawo. "Pepani amayi. Mulibe m'maminitsi."

Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona apa. A Hilario ankanena kuti nkhaniyo mulibe m'buku lija lolembamo zokambirana, lija amalitcha maminitsi. Koma ka m' kaja kanamezedwa. Benedeta anamva kuti: "Mulibe maminitsi." Ndiye kuti iye alibe nthawi yolankhulira.

"Ndachedwa," anadziuza. Anapepesa, natuluka.

Mwezi wotsatira anafika dzuwa likungotuluka. Anapempha tsache, nasesa kalasi yonse, nakhala padesiki yakutsogolo. Atcheya atangoti "Pali zotuluka?" iye anali chilili kale.

"Amayi, ndinanena kale. Mulibe m'maminitsi."

Anakhala pansi. Tsiku limenelo anadikira mpaka kumapeto. Koma pofika pa zina ndi zina, pamene aliyense amaloledwa kunena zake, njala inali itawawa, mitambo itada. Wina anatseka ndi pemphero lalifupi, anthu n'kubalalika.

Ambiri a inu mukanalekera pomwepo. Mukanati, "Ndine wobwera, sandifuna." Benedeta anabweranso kachitatu, ndipo tsiku limenelo ndinalipo ine.

Ndinali nditangofika kuchokera ku Dar. Amalonda anzanga ananditumiza kukapempha kuti atithirire miyala pabwalo lopakirira katundu pamsika, chifukwa malole ankatitimira. Dzina langa linali pa ajenda: a Chikoti, mphindi khumi. Ndinavala jekete ya ku Joni, kalasi yonse inkanunkhira ine.

Ndinaona mayi wa chitenje chonyowa m'munsi akuimirira, atagwira kabotolo. A Hilario anausa moyo. "Amake a Naomi, kachitatu tsopano. Mulibe m'maminitsi."

Ulendo uno sanakhale pansi.

"Bambo, ndifunseko. Ndinachedwa, munati ndilibe. Ndinalawirira, munati ndilibe. Kodi anzangawa maminitsi awo amawatenga kuti?"

Wina kumbuyo anaponya: "Kaguleni a pafoni, amayi!"

Kalasi inaphulika. Ine sindinaseke. Ndinakumbukira tsiku langa loyamba pa bodala, pamene wapasipoti anandiuza mawu amene sindinawamve, ine n'kuima pamzere wolakwika tsiku lathunthu, madalaivala akundiseka. Ndinazindikira pomwepo chimene mayiyu ankamva.

Ndinaimirira. "Atcheya, ine ndili nazo khumi, eti?"

"Eya, a Chikoti, koma nthawi yanu sinakwane."

"Ikakwana, zisanu ndikuwabwereketsa amayiwa. Ndikubwereketsa, sindikupereka. Ndine wamalonda ine. Alembi, lembani."

A Hilario anayang'ana atcheya, atcheya anayang'ana kudenga. Palibe lamulo limene linkaletsa. A Hilario analemba.

Nthawi itakwana, Benedeta anapita patebulo, natsegula kabotolo kaja, n'kukhuthula njere za mtedza pamaso pa atcheya.

"Ine kulemba sindidziwa bwino," anatero. "Kuyambira tsiku limene ndinagwa, tsiku lililonse limene Kasendeza watikaniza kuwoloka ndimaponyamo njere imodzi. Zilipo makumi atatu ndi ziwiri. Njere iliyonse ndi tsiku limene mwana wanga sanapite kusukulu, chimanga sichinapite kuchigayo, wodwala sanafike kuchipatala."

A Caleb ankamvetsera, dzanja likuyenda lokha. Anatola njere imodzi n'kuponya m'kamwa.

"Atcheya," anatero Benedeta, "mwadya Lachiwiri lija mayi wina anachirira m'mbali mwa mtsinje."

Abale, kuseka kwa tsiku limenelo! Koma kunali kuseka kwina, kwa anthu amene agonja. A Caleb anapukuta misozi. "Alembi, lembani msanga ndisanamalize mwezi wonse!"

Mphindi zisanu zanga zotsala ndinazimalizira pa malonje ndi kufotokoza mmene amapakirira katundu ku Dar. Ndisanafike pa miyala, a Hilario anagogoda tebulo.

Msonkhano utatha, a Hilario anamuitana Benedeta. Anali ndi manyazi, chifukwa nawonso anali atazindikira. Anamuonetsa buku lachikuto chakuda.

"Amayi, ndikhululukireni. Maminitsi ndi awa, bukuli. Lero mwalowamo. Onani, Kasendeza ndi uyu." Analoza ndi chala. "Boma silimva ndi makutu, limamva ndi maso. Chimene sichinalembedwe umu sichinanenedwe."

Benedeta anayang'anitsitsa mawuwo kwa nthawi yaitali. "Ndiye miyezi iwiri yonseyi ndimangolawirira chabe?"

"Koma kalasi inayera," anatero a Hilario. Onse awiri anaseka.

Musaganize kuti mlatho unagwa kumwamba mawa lake. Kulowa m'buku kunali kutsegula chitseko chabe. A komiti anamuuza kuti pempho liyenera kubwera ndi kalata ya komiti ya m'mudzi. Nanga tenanti mudzi wake ndi uti? Ena anayamba kale kunong'ona kuti umenewo ndi mlatho wa obwera.

Benedeta sanakangane ndi munthu. Anayenda midzi itatu ya tsidya lake, khomo ndi khomo, ndi funso limodzi: "Kodi inu popita kuchigayo mumauluka?" Anabwera ndi makalata atatu, onse odindidwa.

Mu Meyi komiti inayenera kusankha ntchito zitatu zokha zotumiza ku khonsolo. Zopempha zinali zinayi: mjigo, nyumba ya mphunzitsi, miyala yanga imene ndinadzailembetsa pambuyo pake, ndi Kasendeza. Ziwiri zoyambazo zinadutsa mosavuta. Malo otsala tinalimbirana ine ndi iye. Mamembala anakweza manja, ndipo ndinagwa. Ine Chikoti, wa malole anayi, kugwetsedwa ndi mphindi zanga zomwe! Ndinapita kukamugwira chanza.

"Ngongole ija musaiwale," ndinatero.

"Ili m'maminitsi, bambo," anayankha.

Kenako kunabwera injiniya, nayeza, nati pamenepo pakufunika kalavati, uja mlatho wa mapaipi akuluakulu a simenti. Pepala la komiti linkati mlatho, lake linkati kalavati. Mawu sanagwirizane, pepala linabwerera, bajeti ya chaka chimenecho n'kudutsa. Dzinja linanso anthu anawolokera pa bulugama.

Benedeta anati mawu amodzi asadzamuberenso chaka. Analowa sukulu ya kwacha, mayi wamkulu kukhala pamkeka ndi pensulo, Naomi akumuthandiza. Pasanathe chaka ankawerenga yekha dzanja la a Hilario, limene ngakhale eni ake limawavuta.

Ndipo msonkhano uliwonse, atcheya akangoti "Pali zotuluka?" ankaimirira pamalo pomwe paja ankamukhazika pansi. Tsopano panali pake.

"Tsamba lachiwiri, mzere wachinayi. Kasendeza ali pati?"

Akhansala a dera lathu ankati akamuona pamsika amayamba kufotokoza asanapatsidwe moni. Anthu anamutcha Mayi Maminitsi. Iye analilandira dzinalo ngati mendulo. Poyembekezera, anasonkhanitsa matenanti ndi eni midzi kututa mchenga ndi miyala, mpaka mulu unakula moti aliyense wodutsa ankafunsa kuti akuchedwa n'chiyani.

Chaka chachitatu akhansala anabwera ku msonkhano akumwetulira. Khonsolo inali itavomereza. Mu Ogasiti mapaipi anafika, mu Okutobala ntchito inatha.

Kutalika kwake ndi mapazi khumi ndi awiri, ndinayeza ndekha. Ndadutsa pa milatho yoti ukaima mbali ino mbali inayo suiona, koma palibe umene unandivinitsa ngati umenewu. Galimoto yoyamba kuwoloka inali lole yanga, itanyamula tomato wa Benedeta, mwini wake ali kutsogolo, amayi akuthamangira m'mbuyo ndi nthungululu. Hutala ndinaimba mpaka inasasa mawu.

Lero tomato wake amafika ku Msundwe. Naomi anamaliza fomu 4. Pa chisankho cha komiti, midzi itatu ija inasankha Benedeta kukhala membala, ndipo a Caleb atapuma, mwana wa matenanti anakhala atcheya. Lamulo lake loyamba linali lakuti asanatseke msonkhano amafunsa: "Alipo amene wayenda mtunda ndi nkhani, sanalankhule?" Ndipo munthu akalankhula, mlembi amamuwerengera zimene walemba, kuti apite kwawo akudziwa kuti walowa m'buku.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina pali khomo limene mwagogoda kawiri n'kukubwezani. Mwina mwaganiza kuti sakukufunani. Bwererani kachitatu, ndipo ulendo uno mufunse kuti mawu amene akukubwezeraniwo akutanthauza chiyani. Akaseka, sekani nawo, koma musakhale pansi musanamve yankho. Mukalowa m'buku, mwezi ndi mwezi kafunseni kuti nkhani yanu ili pati. Mtima wanu musauponye m'madzi pamodzi ndi tomato. Osafooka.

Nanga miyala yanga ija? Chaka chatha ndinapitanso, malole akutitimirabe. Anandipatsa mphindi khumi. Ndinayamba ndi malonje, ndinadutsa pa Tete, ndipo ndili pakati pa Dar es Salaam, mlembi watsopano anagogoda tebulo.

"Nthawi yatha, a Chikoti."

Amalonda anzanga kumbuyo anagwira mitu. Chaka chinanso chimapita.

"Dikirani," anatero atcheya. Anapisa m'chikwama natulutsa buku lakale lachikuto chakuda. A Hilario, amene tsopano amangobwera kudzaonerera, anayamba kuseka bukulo lisanatsegulidwe. Benedeta anawerenga yekha, mokweza, chala chili pamzere: "A Chikoti abwereketsa mphindi zisanu kwa Mayi Benedeta. Anenetsa kuti sakupereka."

Anatseka bukulo.

"Bambo, lero ndikubweza, kuchotsa pa nthawi yanga ya mawu otsekera. Zisanu zanu, ndi ziwiri zapamwamba chifukwa ndachedwa nazo. Koma muyambire pa miyala. Mukangotchula Dar, ndilanda."

Ndinayambira pa miyala. Manja anakwera onse, ndipo pempho langa linapita ku khonsolo. Mlembi analemba, n'kundiwerengera monga mwa lamulo: "Ngongole ya a Chikoti yabwezedwa yonse. Mphindi zisanu ndi ziwiri."