Magalasi Aakulu ndi Mvuu za ku Msumba

M'chaka cha 1920 ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndili mkamwini ku Msumba. Dziko linali m'manja mwa Kampani ya azungu imene inkatilamulira. Mvuu zinkatuluka m'nyanja n'kumadya mpunga wa apongozi anga, ndipo poti mfuti ya gogodela pabanjapo ndinali nayo ndine ndekha, nkhani ya mvuuzo inali yanga. Kutha kwa mpungawo kukanatisiya tikupempha chinangwa chaka chonse.

Amalume anabwerako ku nkhondo ya Ajeremani, kumene ankasenza katundu, ali ndi magalasi oonera patali amitundu iwiri. Aang'ono analembedwa 6. Aakulu, olemera, analembedwa 12. Anandiuza kuti ndisankhe amodzi. Ine sukulu ya misheni ndinapitako, ndinkadziwa nambala yoposa inzake.

"Tenga aang'onowa, mphwanga," anatero amalume.

"Amenewo ndi a ana, amalume."

"Aakuluwa amakulitsa nyama, inde. Amakulitsanso kunjenjemera kwa manja ako. Mzungu amene ankawagwira ankawatsamiritsa pamwala. Iwe m'bwato mwala uupeza kuti?"

"Manja anga sanjenjemera."

"Ndiye kuti ndiwe chitsa," anatero, n'kundipatsa aakuluwo.

Pamtunda anali abwino. Ndikaika zigongono pathanthwe ndinkazindikira nkhope ya munthu wokoka khoka kutsidya kwa gombe.

M'mawa wina tinanyamuka ndi mlamu wanga, iye pa nkhafi, ine kutsogolo ndi mfuti. Kwathu poyandikira mvuu timagogoda bwato ndi nkhafi kuti zonse zitulutse mitu, tiziwerenge, tidziwe kumene kuli yamwana. Mlamu atakweza nkhafi ndinamuletsa. Ndinati kugogoda n'kwa anthu opanda magalasi, ine ndiziwerenga tili patali, zisadatimve.

Mphepo inalibe mphamvu, timafunde tokha. Koma m'magalasimo dziko linkavina. Ndinkaona mtambo, kenaka bango, kenaka madzi okhaokha. Ndinagwira mpweya, ndinapanikiza zigongono m'nthiti, osathandiza. Potsiriza ndinapeza mutu umodzi. Unadzaza magalasi onse, khutu lake likukupiza. Za kumanzere ndi kumanja kwake sindinkaona kanthu. Gogodela safika patali, choncho ndinauza mlamu kuti apalasebe.

"Alamu, zilipo zingati?"

"Imodzi."

"Imodzi yadya munda wonse uja? Ili ndi mimba ngati yanu?"

Anapalasa. Patapita kanthawi anakuwa: "Chotsani zinthuzo kumaso! Kamwana ako kumanzere!"

Ndinachotsa. Kamwanako kanali pafupi moti nkhafi ikanakafika. Make sitinamuone, tinangomumva pansi pa bwato. Anatitukula, n'kuluma bwatolo pakati ngati mzimbe. Ine ndinagwera kumbali ya bango. Mlamu anagwera kumbali ya mvuu, ndipo inamugwira mwendo kamodzi n'kumusiya. Ndinamukokera kumtunda ndi dzanja limodzi. Ku misheni anamusoka, anachira, koma bondo silinapindikenso.

Amalume atamva anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati tinagogoda. Ndinati ayi. Magalasi aang'ono aja anandipatsa patatha zaka zitatu, ndipo ndinasaka nawo mpaka maso atafooka.

Zimene zinatayika tsiku limenelo ndi izi: bwato limodzi la apongozi, nkhafi ziwiri, mfuti imodzi ndi nyanga yake ya onga, magalasi aakulu aja, mpunga wonse wa chaka chimenecho, ndi bondo lamanja la mlamu wanga.